Ng'ombe za Mkazi Wosasudzulidwa

Amuna anga anamwalira m'nyengo yozizira, chimanga titangolowetsa m'nkhokwe. Anandisiya ku Bundabunda ndi ana atatu, nyumba yaudzu ndi ng'ombe ziwiri zolimira, ina yofiira ina yakuda. Nyumbayo panalibe amene anailakalaka chifukwa inkadontha. Ana aja aliyense pamaliro ankati ndi dalitso, koma sindinaone ndi mmodzi yemwe akunyamula dalitsolo kupita nalo kwake. Maso onse anali kukhola.

Ng'ombezo sitinazitole panjira. Zinachokera m'thonje. Zaka zingapo tinalima ndi makasu, ine ndi amuna anga, ndipo thonje lomaliza ndinalitola ndili ndi pakati, wina ali kumsana, zala zitang'ambikang'ambika. Tinakazigula zili zazing'ono cha ku Nkomeshya n'kuziyendetsa wapansi mpaka kwathu. Amuna anga anaziphunzitsa goli pozikoketsa chipika kuzungulira mudzi. Kuyambira pamenepo njala inaiwala njira ya pakhomo pathu. Ndiye munthu akandiuza kuti ng'ombe zimenezo zinali za mwamuna yekha, ngakhale lero nditakalamba chonchi, mtima umandiwira.

Ine makolo anga anachokera kum'mawa, ndife Achewa. Amuna anga anali Msoli, mwana wa m'dziko momwemo. Miyambo yathu imasiyana apa ndi apo, koma ikafika pa mkazi wofedwa imagwirizana ngati inachita kupangana. Amati mwamuna akamwalira amakhalabe pathupi pa mkazi wake mpaka abale a mwamunayo amusudzule. Kubanja limene ndinakwatiwako ankachita motere: amakukhazika pamphasa, wachibale wa womwalirayo n'kukupaka ufa woyera pamphumi, n'kukumanga mkanda woyera padzanja, n'kunena kuti pita, takumasula. Zina zija zolowetsana m'nyumba ndi mlamu anali atazisiya chifukwa cha mpingo. Usanasudzulidwe suthira mchere m'ndiwo, supereka dzanja kwa munthu, sukwatiwa, ndipo kukhola suyandikirako. Za mcherezo ndinkangoseka ndekha, chifukwa zaka zimenezo mchere weniweniwo unkasowa m'masitolo. Boma linali litatisandutsa ofedwa tonse.

Woyenera kundisudzula anali mlamu wanga, mng'ono wawo wa amuna anga. Ameneyu anakhalako ku Lusaka n'kubwerako ndi nsapato zosongoka ndi chilankhulo cha m'tauni, koma ntchito ayi. Chimene tauni inalephera kumuchotsa ndi mantha. Munthu ameneyu ankaopa akufa kuposa kamwana. Pamaliro, kapu imene ndamwera ine ankailambalala ngati njoka. Masiku olira atatha anabwera n'kukhala pampando wa akulu ake, patali ndithu ndi ine, n'kuyamba kukonza pakhosi.

"Ba mulamu, mau ni yang'ono chabe. Zija ng'ombe ni za banja yathu. Mukatipasa, na ise tizakusudzulani, muyende bwino."

"Nanga ana a akulu anu azadya chani?" ndinamufunsa.

"Bana ni ba kuchikazi. Si muli na balongo banu? Ni mwambo, ba mulamu, sindine ninaupanga."

Chimene chinandipweteka n'chakuti sananame. Kwathunso ana ndi a kuchikazi, ndipo katundu wa mwamuna amabwerera kwa abale ake. Amene anapanga mwambo umenewu sanali zitsiru. Anaupanga nthawi imene chuma cha mwamuna chinali nkhwangwa, uta ndi chikopa chogonera, mkazi ali pamudzi wa amake, alongo ake ali khomo loyandikana. Abale a mwamuna akatenga nkhwangwa, ana sankagona ndi njala. Koma makolowo sanaone thonje, sanaone goli, sanaone mkazi wokwatiwa kutali amene mlongo wake anamezedwa ndi migodi. Moyo unasuntha, mwambo unatsala pomwepo, ndipo anthu ngati mlamu wanga anapezerapo podyera.

Ndinamuuza kuti ng'ombe sizituluka. Iye anati ndiye kuti ufanso sutuluka. Tinasiyana pamenepo.

Ndinayamba ndi kumpingo, poti ndiko mtima wanga unkadalira. Mkulu wa mpingo, bambo wofatsa wa magalasi omanga ndi ulusi, anandiwerengera za akazi amasiye. Anati lamulo la Mulungu linaperekedwa kalekale paphiri, miyambo yonse ili pansi pake, ndipo Ambuye anandimasula kale. Mawuwo anandikoma. Koma akazi awo atabwera ndi chakudya, ine anandipakulira m'kambale kangakanga kothyoka m'mphepete, ndipo nditatha anakanyamula ndi nsonga ya chitenje. Pamenepo ndinadziwa kuti lamulo la mpingo limalekera pakhomo la tchalitchi. Za ng'ombe mkuluyo anati tizipempherere.

Ndinapita kwa tcheyamani wa chipani m'dera lathu. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi chokha, ndipo lamulo lake sitinalionepo litalembedwa, koma linali ndi mano kuposa onse. Popanda khadi la chipani sugulitsa pamsika, ndipo feteleza umangomva kuti anabwera. Tcheyamaniyo asanamve chimene ndadzera anayamba wafunsa khadi. Ndinalimasula pamfundo ya chitenje. Kenako anandilalikira za umunthu mpaka miyendo inachita dzanzi, n'kugamula.

"Amai, chipani sichifuna ndeo. Ng'ombe zili zibili. Imozi imwe, imozi ba mulamu banu. Nkhani yasila."

"Ba tcheyamani, goli la ng'ombe imozi munaliona kuti?"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana mbendera. Ndinatola khadi langa n'kutuluka asanaganize zondilanda.

Chinanditsalira chinali mphete. Ife tinakwatitsidwa m'tchalitchi, ndi velo yobwereka ndi nthungululu mpaka pakhomo. Azimayi tonse a kumpingo tinkakhulupirira kuti ukwati wa mphete ndi ukwati wa boma, kuti wovala mphete salandidwa katundu ngati mkazi wongolowana. Tinkanyada nazo mphetezo, kuzipukuta ndi phulusa Loweruka, kuwayang'ana cham'mbali anzathu a zala zopanda kanthu. Choncho ndinakwera lole mpaka ku Chongwe n'kukasuma ku khoti laling'ono, lija loweruza milandu ya m'midzi. Kapaso, mesenjala wa khoti, anakamupatsa mlamu wanga samani yomuitanira kumlandu, ndipo ine ndinayenda masiku amenewo mutu uli m'mwamba.

Khotilo linali chipinda cha malata chotentha, cha mabenchi ndi chithunzi cha mtsogoleri wa dziko pakhoma. Maloya saloledwa mmenemo, aliyense amadzinenera yekha. Tisanalowe ife panali mlandu wa mbuzi yodya chimanga ndi wina wa chigololo, ndipo anthu anali atasekaseka kale. Woweruza anali bambo wachikulire wa imvi, wa jekete lalikulu kuposa mapewa ake, wolankhula Chinyanja cha kwathu kum'mawa. Ndinafotokoza zonse, za thonje, za chipika, za ana. Pomaliza ndinakweza dzanja kuti aone mphete.

"Mayi, mphete yanu ni yabwino," anatero woweruzayo. "Koma nikufunseni. Ukwati wanu munakaulembetsa kuboma, kapena abusa anangoudalitsa?"

"Anaudalitsa pamaso pa anthu onse."

"Ankhoswe analipo? Kwanu analandira za mwambo?"

"Analandira."

"Ndiye kuti munakwatiwa mwa mwambo, mayi. Mulungu anangoikapo dzanja."

M'khoti munamveka kaphokoso, azimayi ena akubisa manja m'zitenje. Bamboyo sanafune kundichititsa manyazi, ndipo anandifotokozera modekha. Anati dziko lino lili ndi malamulo a mitundu iwiri. Olembedwa anabwera ndi Azungu kuchokera ku Mangalande, ena akupangidwa kunyumba ya malamulo ku Lusaka, ndipo amenewo amakhala kwa majisitireti ndi kumakhoti aakulu, kumene kuli maloya ndi Chingelezi. Osalembedwa ndi amene Azungu anatipeza nawo n'kutisiyira kuti tizigamulirana tokha za maukwati, maliro ndi mbuzi. Ufulu utabwera Azungu anapita, koma mpanda umene anamanga pakati pa malamulo awiriwo unatsala uli chiimire. Ine ndinali mbali ya kuno ya mpandawo. Ndinaganiza mumtima kuti, kodi dziko lotani ili, wakuba nkhuku amutumizira apolisi ndi unyolo, koma wolanda ng'ombe za ana amasiye amupatsa benchi n'kumutcha wolowa nyumba.

Ndinafunsa kuti nanga mwambo wake uti, wathu kapena wawo. Anati wa womwalira, chifukwa katundu ndi wake. Ndinafunsa kuti nanga thukuta langa ndi la mwambo uti. Anthu anaseka, koma woweruza sanaseke. Anatembenukira kwa mlamu wanga.

"Iwe mnyamata, unaona kuti katundu akugawidwa mkazi asanasudzulidwe? Mwambo waugwira cha kumchira. Khoti likuti muyambe mwamusudzula mayiyu. Mukamusudzula ndiye mutenge ng'ombe. Musanatero, osakhudza ngakhale chingwe chake."

Mlamu wanga anatuluka mano onse ali pamtunda. Ufa wa m'manja n'chiyani poyerekeza ndi ng'ombe ziwiri? Anaiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ine ndinakakhala kuseri kwa khoti n'kulira, osati ndi chisoni koma ndi ukali. Woweruza ankaganiza kuti wandithandiza, wandipezera ufulu wanga. Ufulu woti ndikachite nawo chiyani, ndiuphike?

Maganizo anandibwerera ndili palole pobwerera, nditakhala pathumba la ufa, anthu atandisiyira malo ambiri chifukwa ena ankadziwa kuti ndine wofedwa. Ndinaona mmene akudzipanikizira kuti asandikhudze, mayi wina wonenepa mpaka kukhalira mwendo wa mnzake. Miyezi yonseyi ndinkathamanga uku ndi uku kupempha kuti andichotsere chinthu ichi cha mzimu wa amuna anga, ndipo ndi chokhacho chimene anthu ankandiopera. Khoti lati ng'ombe zituluke nditasudzulidwa. Nanga ndikapanda kusudzulidwa? Ndinaseka mokweza palolepo, ndipo mayi wonenepa uja anasunthanso.

Mvula yoyamba itagwa, m'mawa kutangocha, ndinamanga chitenje cholimba n'kupita kukhola. Sindinama, ndinkaopa. Ndinakula ndikumva kuti wofedwa akalowa m'khola ng'ombe zimafa, ndipo chimene unamva uli mwana sichichoka ndi kulimba mtima kwa tsiku limodzi. Ndinasolola mitengo ya pakhomo n'kulowa. Yofiira inandinunkhiza dzanja. Yakuda, yamakani ija, inapukusa mutu n'kundiponda chala. Ndinazisisita zonse kuyambira kunyanga mpaka kumchira, mosafulumira, kuti aliyense wopita kumadzi aone. Goli linandivuta, linagwa kangapo, koma ndinali nditaonera amuna anga zaka zonsezo. Ndinazitulutsa, ndinakoleka pulawo, n'kuziitana ndi kaliu kaja ankaziitanira eni ake.

Mizere ya tsiku limenelo inali yokhota ngati njira ya woledzera. Pofika dzuwa pamutu manja anali matuza okhaokha. Koma nthaka inatembenuka, ndipo m'mphepete mwa munda munali anthu ataimirira, manja kukamwa. Ng'ombe sizinafe.

Mlamu wanga anabwera Loweruka lotsatira ndi gulu: amalume ake, mlongo wake wamkulu atanyamula kambale ka ufa ndi mkanda, ndi chingwe chatsopano chokokera ng'ombe chili paphewa pake. Anayala mphasa pabwalo langa n'kundiitana. Ine ndinatuluka n'kuima pakhomo.

"Ba mulamu, nkhalani apa tisilize," anatero mlamuyo.

"Sinikhala."

"Shani? Mwati chani? Si ndimwe munatipeleka ku khoti ati tikusudzuleni?"

"Ninakupelekani za ng'ombe. Za ufa nasintha maganizo. Akulu anu nikali nawo, ndipo sanandiuze kuti afuna kupita. Tikulima nawo."

Nkhope yake inachita phulusa. Amalume aja, bambo wachikulire amene ndinkamulemekeza, anayesa kundinyengerera. Anati mwana wanga, usadzimange wekha, ukadali wamng'ono, kodi ukufuna kufa uli mkazi wa mtembo? Ndinawayankha mwaulemu, nditagwada, kuti ndamva, koma ana anga sadya ufa wa pamphumi. Mlamuyo anayamba kukalipa kuti andigwire andikhazike mokakamiza. Ndinatambasula manja n'kunena kuti bwerani, woyamba ndani. Panalibe anasuntha. Aliyense ankadziwa kuti kusudzula si kugwira nkhuku. Mkazi amakhala yekha pamphasa ndi mtima woyera, apo ayi womwalirayo amachoka ndi mkwiyo n'kukatera pa amene wamukakamiza. Mwambo umenewo sindine ndinaupanga.

"Nizatenga chabe ng'ombe!" anakuwa mlamu uja, akulunjika kukhola.

"Tengani, alamu. Nazigwira zonse, na goli lomwe, na chingwe. Akulu anu amazikonda kwambiri, azabwera nazo kwanu. Kapaso nayenso azabwera pambuyo."

Anaima pakati pa bwalo, chingwe chili lende. Ankayang'ana khola, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso khola. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mlongo wawo uja, amene anali asanalankhulepo, anakhuthulira nkhuku zanga ufa uja n'kupinda mphasa. Podutsa pafupi nane ananong'ona osandiyang'ana kuti, "Limani, amake bana." Iyeyonso anali mkazi wa munthu, ndipo amuna ake anali ndi abale.

Ndinamva kuti mlamuyo anabwereranso ku Chongwe kukasuma kuti ndikukana kusudzulidwa. Woweruza uja akuti anavula magalasi n'kunena kuti milandu ya abale okana kusudzula mkazi waiweruza yambiri, koma ya mkazi wokana yekha sanaimvepo, ndipo m'malamulo a Azungu ngakhale a makolo mulibe pogwira. Samani siinabwere. Anapitanso kwa tcheyamani, koma tcheyamani sankafuna kuima pafupi ndi ine ngakhale pamsonkhano.

Wina asaganize kuti ndinapambana n'kuyamba kuvina. Ndinalipira, ndipo zinandiwawa. Mchere ankandithirira mwana wanga wamkazi. Pamaliro ndi paukwati anzanga akamasonkha moto n'kumaseka kumaphikiro, ine ndinkakhala pansi pa mtengo ngati mlendo. Kutchalitchi pa nthawi yopatsana moni wa mtendere, oyandikana nane ankapeza chochita ndi mabuku awo a nyimbo. Zaka zinadutsa dzanja la munthu wamkulu lisanakhudze langa. Mwana wa wina akadwala chifuwa, ndinkamva kuti mwina ndinadutsa pakhomo pawo. Usaone kulimba kwa pakamwa, panali masiku amene ndinkalakalaka kungokhala pamphasa paja kuti zithe. Koma chaka chilichonse nkhokwe inkadzaza, thonje linkapita kudepoti, ndipo ana ankapita kusukulu atavala.

Chiyeso chenicheni chinabwera ndi bambo wina wopala matabwa ku Chongwe, amene anafedwa mkazi. Ndinamudziwa pokakonzetsa goli litang'aluka. Anali munthu wosalankhulalankhula, wa manja aakulu, woseka ndi maso. Anandipangira goli latsopano lopepuka, loyenera mapewa a mkazi ponyamula, ine ndisanamuuze kuti lakalelo linkandilemera. Anayamba kubwera ku Bundabunda panjinga, akuti kudzaona ngati golilo likukhala bwino. Goli linakhala bwino kwa chaka chathunthu, iye akubwerabe. Ndinamukonda bambo ameneyu. Ndikunena poyera chifukwa nthawi imeneyo sindinauze munthu.

Tsiku lina anandipeza kumunda ndikumasula ng'ombe. Anatsamiritsa njinga pamtengo n'kuima chapatali monga mwa masiku onse, chipewa chili m'manja.

"Amai, nifuna kutuma anthu kwanu. Koma mudziwa mwekha, siningakutengeni muli chonchi. Abale anga sangalole, na mpingo siungalole. Lolani akusudzuleni. Zipite ng'ombe, ine nili na manja, nizasunga inu na ana."

Ndinamukhulupirira. Sanali wabodza. Koma ndinayang'ana manja akewo n'kuganiza kuti amuna anganso anali ndi manja, ndipo anawaika m'manda limodzi ndi eni ake. Bambo ameneyunso anali ndi abale. Tsiku lina akanadzagona osadzuka, wina wa nsapato zosongoka akanadzakhala pampando wake n'kukonza pakhosi, n'kutenga macheka, mapuleni ndi benchi, ine n'kutsala ndi ana anga atatu ndi ena owonjezera, khola lili mbee. Mpingo ukanandipempherera, chipani chikanafunsa khadi, khoti likanandifotokozera modekha. Ndinali nditayenda kale njira yonseyo wapansi.

"Mukandifuna, munitenge na ng'ombe zanga na mzimu wanga," ndinamuuza. "Apo ayi, zikomo pa goli."

Anavala chipewa, anakankha njinga mpaka kumsewu osakwera, ndipo sanabwerenso. Anakwatira mayi wina wa pamsika chaka chotsatira. Ine ndinakhala pamzere ndinkalimawo n'kulira mpaka kukhosi kunauma, ng'ombe zikudya udzu pambali panga ngati palibe chachitika.

Lamulo lolembedwa lopatsa mkazi wamasiye ndi ana gawo la chuma linadzabwera ulamuliro wa chipani chimodzi uja uli pafupi kutha. Tinalimva pawailesi, azimayi ena n'kululutira. Kwa ine linafika ngati mvula ya pambuyo pokolola. Yakuda inali itafa kale ndi ukalamba, yofiira mano atatha, mwana wanga woyamba akuphunzitsa sukulu. Ana anga anandipempha kuti tsopano ndilole, popeza palibenso choti wina atenge, ndipo a kubanja la bambo awo anatumiza mawu kuti ali okonzeka kubwera ndi ufa. Ndinawabwezera mawu kuti ufawo aphikire ana awo phala. Pamene ndinkaufuna anauika pamtengo wa chakudya cha ana anga, ndipo ine sindikhala pamphasa ya munthu kuti andiuze kuti tsopano ndine mfulu. Ndikadzafa mudzandiike mmene ndilili, amuna anga ndikawatula ndekha kumene ali.